A Chidendene ndi Mapazi a Nkhuku za Alamu

Pali chinthu chimodzi chimene sindinamvetse za a Chidendene, ndipo ndivomereretu kuti mpaka lero sindichimvetsa. Bambo amenewa anakhala zaka zisanu ndi ziwiri pakhonde la hadiweya kumapeto kwa msewu wathu akusoka nsapato, anthu akuwadutsa ngati chitsa, iwo osadandaula. Koma mwezi umene anthu anayamba kuwaimira n'kumawapatsa moni wa manja awiri, mwezi womwewo anamanga katundu. Kusukulu ya mishoni anatiphunzitsa kusamala ndi mawu otamanda munthu, choncho pano sinditamanda aliyense. Ndingolemba zimene zinachitika kumpanda kwa achimwene anga m'nyengo yozizira ija, monga mmene akazi awo, alamu anga, anazionera.

Dzinalo analipeza chifukwa cha maso awo. A Chidendene sankayang'ana munthu kunkhope. Ukawapatsa moni ankayankha bwinobwino, koma maso ali pansi, pa zidendene zako. Munthu ankatha kubweretsa nsapato yoti angoimata guluu, iwo n'kuitembenuza, kuisisita ndi chala chachikulu, kenako n'kufunsa kuti, "Bondo lamanzereli layamba liti?"

Mwininsapato kukamwa yasa. "Mwadziwa bwanji?"

"Ine sindikudziwa kanthu. Yanena ndi nsapato."

Anali aafupi, aimvi, ovala chipewa choluka nyengo zonse. Chuma chawo chinali bokosi limodzi lamatabwa: nyundo, singano yangowe, ulusi wopaka phula, zidutswa za chikopa, machubu akale a njinga, ndi phazi lachitsulo lokhomerapo misomali. Ena ankati kale ankagwira ntchito kufakitale ya nsapato mpaka inatsekedwa. Ena ankati anali ndi banja koma linatha. Ukawafunsa kwawo, ankaloza ndi singano n'kunena kuti, "Uko." Vuto linali lakuti tsiku lililonse ankaloza kwina.

Alamu analibe nawo chidwi kwenikweni. Iwo mtima wawo unali pa nkhuku. Kale ankasoka pa shopu ya telala, koma maso atayamba kuchita chifunga anasiya, n'kuyamba kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba yalendi imene ankakhala ndi achimwene. Mathadzi analipo khumi ndi limodzi, tambala mmodzi. Tambalayo anamutcha Kapitawo chifukwa ankangoyendayenda kuyang'anira anzake, iye osagwira kanthu. Panali thadzi loyera lotchedwa Sisitere, ndi lina lalikulu, loyenda mwaulemu ngati likupita kukakhala kumpando wakutsogolo, lotchedwa Mayi Busa. Mazira awo alamu ankawagulitsa pageti, ndipo ikafika nthawi imeneyo nkhope yawo inkawala ngati ya mtsikana.

Achimwene ndi owotcherera zitsulo, ndipo kwa iwo chinthu chilichonse chosapangidwa ndi chitsulo n'chongoyembekezera. M'nyumba mwawo mipando ndi yachitsulo, bedi ndi lachitsulo, ngakhale poika miswachi ndi pachitsulo. Alamu ankanena kuti pakhomo ponsepo zinthu zofewa ndi nkhuku zawo zokha. Tsono chaka chimenecho, pofuna kukondweretsa akazi awo, achimwene anagwetsa khola lakale lamatabwa n'kumanga lina. Pansi anathira simenti yosalala kuti lizikolopeka. Mtanda wogonapo nkhuku anaupanga ndi chitsulo chamizeremizere chija amaika m'konkire, n'kuuwotcherera m'mwamba, mulingo wa mutu wa munthu, ati kuopa agalu. Analipaka penti yobiriwira, n'kuitana mpanda wonse kuti udzaone. Anthu anaombera m'manja. Alamu nawo anathokoza, ndipo anathokoza kuchokera pansi pa mtima.

Kenako kunabwera chisanu. Chinali chisanu choti m'mawa madzi a pampopi ankaluma zala, ndipo anthu ankayankhula utsi ukutuluka m'kamwa. Alamu anayamba kuona kuti miyendo ya nkhuku yasintha. Mamba ake anatukuka, pansi pake panadzaza nkhanambo zotuwa, mwendo wonse kukhala ngati khungwa la mtengo wokalamba. Nkhuku zina zinayamba kutsimphina. Mayi Busa ankangoima ndi mwendo umodzi padzuwa, maso ali tsinzi, phazi lina litatupa ngati ndimu. Mazira anayamba kuchepa mpaka anatheratu. Achimwene anati mankhwala ake ndi oyilo wakuda wosakaniza ndi palafini, n'kuyesera pa Kapitawo. Mwendo unafiira psuu, ndipo kuyambira pamenepo Kapitawo anasiya kulira.

Mpandawo unali wa nyumba zinayi zamdadada, ndipo eni ake, Alandilodi, ankakhala nyumba yakutsogolo ndi akazi awo amene aliyense ankawatchula kuti Amadamu. Loweruka lina Amadamu akutunga madzi, Sisitere anabwera kudzamwa otayikira. Amadamu anayang'ana miyendo ija, ndowa n'kugwa.

"Mayo ine! Khate! Khate m'mpanda mwanga muno, adzukulu anga akuyenda opanda nsapato!"

Pasanathe ola Alandilodi anali atafika kukhola, manja ali kumbuyo. Sanali munthu wankhanza, koma ankaopa phokoso la kunyumba kwawo kuposa china chilichonse.

"Mayi, ine sindikufuna kukangana nanu. Ndikupatsani sabata ziwiri. Loweruka linalo ndidzabwera ndi mpeni wanga. Ndikadzapeza miyendo ili chonchi, zonse tidzazinga, ndipo m'mpanda muno simudzakhalanso nkhuku."

Lolemba m'mawa alamu anakulunga Mayi Busa m'nsalu, n'kuwakwapatira kupita kusitolo ya mankhwala a ziweto. Anapeza potseka. Pobwerera anakumbukira kuti jombo za achimwene zili kwa a Chidendene, choncho anaima pakhonde paja, mtima uli kwina. Phazi lotupa lija linali litatuluka m'nsalu, likulendewera pambali pa chiuno chawo.

A Chidendene anasiya kukhoma.

"Imani pomwepo, mayi. Phazi ilo ndi la ndani?"

"Ndi nkhuku, bambo. Ndadzera jombo."

"Jombo sizithawa. Tabweretsani kuno phazilo."

Analigwira ngati mmene ankagwirira nsapato ya munthu wolemekezeka. Analitembenuza, kutambasula zala chimodzichimodzi, kupukuta fumbi ndi malovu. Pakati penipeni pa phazi panali kankhanambo kakuda, kozungulira ngati batani. Alamu anaona makutu a a Chidendene akufiira, ndipo mawu awo, amene nthawi zonse ankatuluka ngati akuwerengedwa, anayamba kuthamanga.

"Taonani! Taonani apa! Nkhuku iyi imadumpha kuchokera patali n'kutera polimba, ndipo imayamba kutera ndi phazi ili. Onaninso timizere iti m'zalamu. Imagona itafumbata chinthu chokanda, chozizira. Si mtengo ayi. Mtengo susiya zimenezi."

"Koma mwadziwa bwanji?"

"Lanena ndi phazi. Zilipo zingati?"

"Khumi ndi ziwiri."

"Mapazi makumi awiri ndi anayi!" anatero a Chidendene, ngati munthu amene wauzidwa za phwando.

Zimene zinachitika kenako msewu wonse umazikumbukira. A Chidendene anatseka bokosi lawo dzuwa lisanafike pamutu, chinthu chimene sichinachitikepo, n'kulisenza paphewa. Ankayenda patsogolo mwandawala, alamu akuthamanga pambuyo ndi nkhuku. Mwini hadiweya anatuluka n'kufuula kuti, "Kwagwanji, madala? Kuli maliro?" Iwo osacheuka n'komwe.

Atafika kukhola anakhala pansi pa simenti, n'kuuza alamu kuti aziwapatsira nkhuku imodziimodzi. Atamaliza anati, "Mayi, mukuona ngati ndi nthenda imodzi, koma ndi ziwiri. Nkhanambo za m'miyendozi ndi tizilombo, tating'ono kwambiri toti simungatione, timene timakumba pansi pa mamba n'kumanga nyumba momwemo. Tilibe ntchito ndi munthu, timafuna mwendo wa mbalame basi. M'chisanu nkhuku zimagona mopanikizana, ndiye timasamuka mosavuta. Zili nato zonse khumi ndi ziwiri. Koma zotupa za kuphazizi, zimene zili ndi zinayi, si tizilombo ayi. Mwini wake ndi uyu." Analoza mtanda uja ndi singano.

Achimwene anali ataima pakhomo la khola, magalasi awo akuda ali pamphumi.

"Madala, mwati chiyani? Chitsulo chimenecho chidzakhala zaka zana!"

"Chidzakhaladi, amisiri. Ntchito yake ndi yaukhondo, sindikutsutsa. Koma nkhukuzi sizifika Loweruka."

"Nkhuku imagona paliponse. Nanga imadziwa chiyani?"

A Chidendene anatola chidutswa cha chitsulo chomwecho chimene chinali mumthunzi wa khoma, n'kuchigoneka pansi. "Tavulani nsapato, amisiri. Sokosi yomwe. Muime apa mpaka nditawerenga makumi atatu."

Achimwene, pofuna kuonetsa chamuna, anavula. Anaima. A Chidendene anayamba kuwerenga mosafulumira. Atafika pa zisanu ndi ziwiri nkhope ya achimwene inali itachita makwinya. Atafika pa khumi ndi chimodzi anadumpha n'kutera pa simenti ndi chidendene, n'kutulutsa mawu amene sindingalembe pano.

"Inu mwaima mpaka khumi ndi chimodzi," anatero a Chidendene. "Mayi Busa amaima mpaka kucha. Akatero n'kudumpha kuchokera kumene kuli mutu wanuko."

Alamu anaseka mpaka kugwira khoma, koyamba m'masabata atatu. Achimwene anavalanso nsapato zawo. Anapita kukatenga makina awo odulira zitsulo, ndipo moto unathetheka m'khola monse. Tsiku lomwelo munalowa thabwa lopala bwino, lotambalala ngati chikhatho kuti nkhuku ikakhala nthenga zizifunda zala, lokwezeka kulekeza m'mawondo. Pansi anathirapo utuchi wouma wokwirira akakolo. Achimwene analigwira thabwalo ndi zala ziwiri ngati chinthu chonunkha, komabe anachita kulikhoma okha.

Kuyambira tsiku limenelo a Chidendene ankabwera pakadutsa masiku awiri aliwonse, dzuwa lili paliwombo. Alamu anapempha kuti ntchito yotsuka mapazi a nkhuku izichitika madzulo akamaliza zapakhomo, koma iwo anakana kwamtuwagalu.

"M'chisanu chino phazi lisalowe m'khola lili lonyowa. Mukatsuka madzulo, m'mawa mudzapeza zala zitauma ngati nkhuni. Titsuke masana, dzuwa litithandize."

Kuseri kwa nyumba kunasanduka chipatala. Alamu ankafunditsa madzi, ofunda moti chigongono n'kukhalamo osadandaula, n'kuthiramo mchere ndi kasopo pang'ono. Nkhuku inkaima m'beseni kwa kanthawi mpaka nkhanambo zitafewa. Kenako ankaipukuta ndi mswachi wakale, mopepuka, osakanda. Akatero ankaumitsa ndi thaulo, chala chilichonse pachokha, mpaka m'mipata. Pomaliza ankapaka vaselini wambiri, kuyambira kuzala kukwera m'mwamba, kuti alowe pansi pa mamba otukuka aja.

"Tizilomboti timapuma ngati inu ndi ine," ankatero a Chidendene. "Tikutseka mazenera awo."

Koma tsiku limene anthu sadzaiwala ndi limene anagwira phazi la Mayi Busa. Atalinyika nthawi yaitali, a Chidendene anawiritsa kampeni kawo kosendera chikopa, n'kutukula kankhanambo kakuda kaja pang'onopang'ono. Alamu anagwira nkhuku, ataifunditsa nsalu kumutu, iwonso atatsinzina. Anangomva a Chidendene akufuula kuti, "Katuluka! Kabwera konse!" Pa chikhatho chawo panali kanthu kolimba, kachikasu, kukula ngati njere ya chimanga. Anatsuka bala, n'kupakapo jivi, mankhwala a zilonda aja amene amasiya khungu lili bii ngati inki, n'kumanga ndi kansalu koyera.

Kenako anatulutsa katoni ndi pensulo.

"Pondani apa, Mayi Busa."

Anajambula phazilo mozungulira monga ankachitira ndi makasitomala awo. Anadula chubu cha njinga motsatira chithunzicho, n'kuboola pakati kuti bala lisagunde pansi, mkati n'kuyalamo chikopa chofewa chochokera ku lilime la nsapato yakale. Anasoka timipata titatu ta zala ndi kalamba kakumbuyo. Alamu, amene anadziwa singano moyo wawo wonse, anayang'ana msokowo pafupi n'kupeza kuti panalibe pamene ulusi unalumpha.

"Bambo, nsapato ya nkhuku mpaka kuisoka chonchi?"

"Nanga phazi limadziwa kuti ndi la nkhuku?"

Mayi Busa ataikidwa pansi anaima kaye, n'kuyang'ana phazi lawo ndi diso limodzi, kenako ndi linalo. Anakweza mwendo mpaka pachifuwa ngati msilikali, n'kuponda. Anapondanso. Kenako anauyamba ulendo wopita kumpopi, kwapa, kwapa, kwapa. Achimwene anathamanga kuchokera kugeti, ndodo yowotcherera ili m'manja, akukuwa kuti, "Zavala! Anthuni, nkhuku zavala!"

Masiku anapita, zitatu zina zotupa mapazi zija nazonso zinasokeredwa nsapato, ndipo nkhuku zonse zinayamba kuchangamuka. Zinayambanso kupalasa. Kapitawo anayambiranso kulira, ngakhale mosasa mawu. Koma alamu akayang'ana miyendo, mtima unkagwa. Nkhanambo zinali pomwepo, ndipo tsopano vaselini atasakanikirana ndi fumbi zinkaoneka zonyansa kuposa kale. Loweruka linali likuyandikira, ndipo m'mawa wina anamva Alandilodi akunola mpeni pa mwala wa pampopi.

Lachinayi alamu analephera kupirira. Zala zawo zinali za telala, zozolowera kuti chosokedwa molakwika umachisomola n'kuyambiranso. Anatenga singano yawo yakale, kukhazika Kapitawo pamiyendo, n'kuyamba kutukula nkhanambo imodziimodzi ngati akusomola mpendero wa diresi. Yoyamba inachoka. Yachiwiri inachoka ndi magazi. Pamene amafika pa yachitatu, magazi anali akudontha pa nsalu yawo, ndipo mthunzi unawagwera.

"Mayi!"

Alamu anadzutsa mutu. A Chidendene anali kuwayang'ana kumaso. M'zaka zonse zija aka kanali koyamba, ndipo alamu amanena kuti maso awo anali aang'ono, otuwa m'mbali, ngati a munthu amene wakhala nthawi yaitali m'chipinda chamdima.

"Mukuchita chiyani? Imeneyi si siketi! Pansi pa nkhanambozo pali mamba atsopano, anthete ngati khungu la khanda. Zakalezo zimagwa zokha nthawi yake ikakwana. Mukazisenda mwatsegula chitseko cha bala lina."

Alamu misozi inalengeza. "Nanga nditani, bambo? Alandilodi sadzafunsa za pansi pa nkhanambo. Adzayang'ana ndi maso, adzaona zomwe zija, basi mpeni. Ine ndikataya nkhukuzi nditsala ndi chiyani? Kukhala pampando wachitsulo kuyang'ana khoma?"

A Chidendene anagwada pansi. Anatenga Kapitawo, kupukuta magazi, kupaka jivi. Maso awo anabwerera pansi.

"Ngati akufuna choti aone, tidzawapatsa choti aone. Lachisanu madzulo musazipatse chakudya chambiri. Zidzuke ndi njala."

Loweruka kunacha kozizira koma kowala. Mbiri ya nkhuku zovala nsapato inali itamveka kale, moti pamene Alandilodi amatuluka ndi mpeni wokulunga m'nyuzipepala, m'mpandamo munali mutadzaza. Panali alendi onse, mwini hadiweya, amayi ogulitsa makala, ngakhale ometa tsitsi amene anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi, kasitomalayo n'kuwatsatira. Amadamu anaima patali, kampango kali pamphuno.

Alandilodi anasuzumira m'khola n'kupukusa mutu. "Mayi, pepani. Miyendo ndi yomwe ija. Mwinanso yaipirako."

"Bwana," anatero a Chidendene, maso ali pa nsapato za Alandilodi, "munthu akabwera kudzatenga nsapato yake kwa ine, sindimufunsa kuti ikuoneka bwanji. Ndimamuuza kuti ayende ndione. Sabata ziwiri zapitazo nkhukuzi zimayenda?"

"Sizimayenda."

"Ndiye tapatukani pang'ono. Mayi, pitani pageti."

Alamu anapita pageti ndi mbale ya chimanga. Kuchokera kukhola kukafika kumeneko ndi mtunda wa nyumba zinayi. Anthu anagawikana mbali ziwiri n'kusiya njira pakati. Alamu anagwedeza mbale n'kuitana ndi mawu awo a masiku onse. Achimwene anatsegula chitseko.

Kwa kamphindi sipanatuluke kanthu. Kenako Sisitere anatulutsa mutu, n'kuona mbale, n'kuliyatsa liwiro. Pambuyo pake zinakhamukira zonse, mapiko ali tambalale, utuchi ukuuluka, fumbi koboo. Zinayi za nsapato zija zinkamveka pazokha, kwapakwapakwapa pa dothi louma, zala zabuluu zikuphethira. Mayi Busa anataya ulemu wonse, n'kudutsa anzawo awiri pampopi, kupyola pakati pa miyendo ya ometa tsitsi. Mpanda wonse unaphulika. Amayi a makala ankalumpha akukuwa kuti, "Mayi Busa! Mayi Busa!" Kasitomala wometedwa theka uja anaponya chipewa cha mwini hadiweya m'mwamba. Achimwene ankamenya chitseko cha khola ngati ng'oma. Kapitawo anafika pomaliza, akuyenda pang'onopang'ono ndi mwendo wake womanga, ndipo wina anati, "Akapitawo safulumira, amafika ntchito itatha!"

Alandilodi anali akuseka, mpeni utalendewera. Koma Amadamu sanasunthike.

"Kuthamanga n'kuthamanga, koma khungu ilo silabwino. Mwendo wa chamoyo sung'ambika chonchija popanda nthenda yoopsa. Adzukulu anga ine ayi."

Phokoso linazirala. Alamu anayang'ana a Chidendene. Iwo anatambasula manja awo onse awiri kuti Amadamu aone.

"Manja awa akhala m'miyendo imeneyi sabata ziwiri, mayi. Onani ngati pali kanthu. Komanso, bwana, mundikhululukire. Nsapato zanu ndazisoka zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chilichonse chisanu chikafika, nsalu ya m'kati kuchidendene imabwera itanyenyeka ngati yadyedwa ndi makoswe. Ngati lamulo la m'mpanda muno ndi lakuti wong'ambika mapazi azipita kumpeni, ine sindikudziwa kuti tiyambira pati."

Alandilodi anayang'ana nsapato zawo. Alamu anaganiza kuti basi zonse zathera pomwepo. Koma phokoso linachokera kumene sankayembekezera. Amadamu anachotsa kampango pamphuno, n'kuyamba kuseka, kuseka kochokera m'mimba, mpaka kukhala pa ndowa.

"Mang'a amenewo! Ambuye anga, mang'a amenewo! Mabulangeti atatu andithera! Akatembenuka pabedi umangomva kwee, ngati akung'amba katoni!"

"Mayi, pagulu pano," anatero Alandilodi, koma mawu awo anamira m'chiphwete.

Pamene anthu amaseka, alamu ananyamula Sisitere kuti amubwezere kukhola. Atagwira mwendo anamva kanthu katsalira m'dzanja. Inali nkhanambo yaikulu ngati chikhadabo, yogwa yokha, yopanda dontho la magazi. Pamalo pakepo panali mamba atsopano, achikasu, osalala, onyezimira. Anangopita kwa Amadamu n'kuwaonetsa. Amadamu anayang'anitsitsa, kenako anatambasula chala n'kukhudza.

"Bambo, kabwezeni mpeniwo kukhitchini," anatero.

Asanapite, Alandilodi anayandikira a Chidendene n'kufunsa chapansipansi kuti vaselini ameneyu amapakidwa kangati pa sabata. Mazira anayambiranso patapita masiku asanu ndi anayi, ndipo loyamba alamu anakapereka kunyumba yakutsogolo.

Kuchokera pamenepo khonde la hadiweya silinakhalenso chimodzimodzi. Anthu ankabwera ndi nkhuku m'madengu, m'makatoni, pa njinga. Wina anabwera ndi bakha, wina ndi nkhunda. Ankawatchula kuti Adokotala. Ankawajambula ndi mafoni, n'kumawauza kuti, "Tayang'anani kuno, madala, mumwetulire!" Achimwene, pofuna kuthokoza m'njira yokhayo imene amadziwa, anawotcherera chikwangwani chachitsulo cholembedwa kuti DOKOTALA WA NKHUKU, n'kuchikhoma pamwamba pa mutu wawo. A Chidendene anathokoza, koma sanachiyang'ane. Alamu anaona kuti chipewa chawo chinkatsikira kumaso tsiku ndi tsiku, ndipo nsapato zoti asoke zinkangounjikana pambali.

Anaonanso kuti aliyense wobwera ndi nkhuku, a Chidendene ankamutumiza kumpanda. "Pitani kwa mayi a mazira. Manja awo ndi a telala, amaposa anga." Iwo ankabwera pambuyo, n'kukhala pa bokosi lawo, alamu akugwira ntchito yonse. Ankangonena mawu amodziamodzi: "Madziwo atentha." "M'mipatamo simunaume." "Musasende." Tsiku limene alamu anachotsa okha kanjere m'phazi la nkhuku ya mlendo n'kusoka okha nsapato yake, a Chidendene anaitembenuza kawiri n'kuibweza osanena kanthu. Alamu amati anadziwa kuti kumeneko ndiye kukhoza mayeso.

Chisanu chinatha. M'mawa wina alamu potsegula chitseko anapeza kathumba pakhomo. Munali makatoni ojambulidwa mapazi, aliyense ndi dzina la nkhuku yake, singano yangowe, ndi mpukutu wa chubu chodula kale. Anathamangira kuhadiweya. Pakhonde panali posesa bwino. Nsapato zonse za anthu zinali zitasokedwa, zitandandalikidwa m'mbali mwa khoma ziwiriziwiri, zingwe zomangidwa. Bokosi panalibe. Chikwangwani chokha ndicho chinatsala, chifukwa achimwene akakhoma chinthu sichichoka.

Mwini hadiweya anati anapeza zili choncho potsegula. Kondakitala wina anati anawaona akukwera basi yolowera kumtunda. Amayi a makala analumbira kuti anawaona akutsika wapansi kulowera kumlatho, bokosi lili paphewa. Aliyense ankaloza kwake.

Alamu sanafunsenso munthu. Anayang'ana pansi. Mu fumbi la kutsogolo kwa khonde munali mapazi ambirimbiri, koma iwo anazindikira awiri aafupi, lakumanja lozama pang'ono chifukwa cha kulemera kwa bokosi. Anawalondola kudutsa pa ometa tsitsi, kudutsa pa mulu wa makala, mpaka kumene dothi limathera n'kuyamba tala. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kathumba kali m'manja, magalimoto akudutsa mbali zonse ziwiri.